Chikwama cha galu chosokedwa mumsika wa Ulongwe, ndachiyesa masiku 9 m'mapiri

Njira yonse kuchokera ku Ulongwe, ku Angonia m'dziko la Mozambique, kukwera phiri la Domwe mpaka kukatsikira ku Furancungo, funso la anthu linali limodzi: achimwene chikwama cha galuchi munachigula ku Joni kapena ku Maputo? Ayi ndithu, chinasokedwa konkuno ndi bambo wina wosoka nsapato mumsika wa Ulongwe, ndiye popeza ine ndi galu wanga Mukanene tachiyendetsa masiku 9 osapumira ndati ndinene zomwe ndaona, zabwino ndi zolakwika zomwe.

Ndinawapititsira moshila (chikwama chobereka kumsana) yakale ya pa kaunjika, yansalu yolimba ija, ndi malamba awiri a galimoto omwe ndinatola kwa amakanika, nkuwajambulira papepala matumba awiri olendewera uku ndi uku ngati mmene timamangira matumba pa bulu. Sanathamangire kudula. Anati "mubwere nayeni mwiniwakeyo ndimuyeze", ndipo mawa lake Mukanene anaima pakati pa msika akuyezedwa pachifuwa ndi chingwe cha mlaza, ana atatizinga. Zonse pamodzi ndi tinsapato 4 ta galu anandilipiritsa mametikali 900, ndipo zinatha masiku atatu monga ananenera.

Kusoka kwake ndilibe nako mawu. Anagwiritsa ulusi wa nayiloni womwe amasokera sole ya nsapato, mizere iwiriiwiri, ndipo masiku onse 9 galu akudzikhula m'miyala, kulowa m'zitsamba, kuwoloka timitsinje, palibe msoko ngakhale umodzi unamasuka. Zipi imodzi yokha ndi yomwe inayamba kuvuta chifukwa cha fumbi, ndinangoipaka kandulo basi inayenda.

Mukanene amalemera makilo 22 ndipo sindinamusenzetse kupitirira makilo atatu, ufa wake wa mgaiwa mbali ina, usipa ndi kabotolo ka madzi mbali ina. Apa ndi pofunika kusamala kwambiri, matumba akapanda kulingana chikwama chimapendekera mbali imodzi nkumamukhula pamsana, ndiye mmawa uliwonse ndimanyamula thumba lililonse m'dzanja kuyerekeza, pena kuponyamo kamwala kumbali yopepuka. Bambo aja anachita bwino kuika matumba cha kumapewa osati chakuchiuno, galu amasenza bwino katundu cha kutsogolo.

Koma pali pomwe panalakwika ndipo panandiwawa mtima. Tsiku lachitatu tikukwera Domwe, phirili si lamasewera, ndi lopitirira mamita 2,000 ndipo chakumtunda ndi miyala yokhayokha, ndinaona galu akuyenda motangadza miyendo yakutsogolo, akaima akunyambita kukhwapa. Nditamuvula ndinapeza lamba wapansi wamudya kuseri kwa mwendo wakumanja, ubweya wathothoka malo ngati ndalama yachitsulo, khungu lofiira lonyowa. Lamba wa galimoto m'mphepete mwake ndi wakuthwa, ndipo anamuika pafupi kwambiri ndi khwapa popanda chofewa chilichonse. Iye osalira nkomwe, amangonditsatira, zimenezi ndi zomwe zinandipweteka kwambiri. Ndinatsuka ndi madzi a mchere, nkung'amba kapulana (chitenje) yomwe ndimafunda nkukulunga lambayo, ndipo masiku awiri otsatira katundu wake ndinasenza ndekha mpaka pachilonda pauma.

Tinsapato ndiye ayi, ndalama imeneyo inangopita. Anatipanga ndi chubu cha njinga pansi ndi nsalu pamwamba, maganizo anali abwino chifukwa mwezi wa Ogasiti anthu amakhala ayamba kutentha tchire posaka mbewa, ndipo pa lupsa zitsa za udzu zimabaya ngati misomali. Koma galu amatuluka thukuta kumapazi, ndiye mu chubu muja mumanyowa, phazi nkumaterera mkati, ola lisanathe kamodzi kanali katagwa kale sindikudziwa kuti. Pamwala potsetsereka ndiye zoopsa zenizeni chifukwa zikhadabo sizigwira. Ndinatichotsa tonse, chomwe chinathandiza ndi Vaseline madzulo aliwonse, kuyang'ana pakati pa zala ngati mwalowa minga kapena nkhupakupa, ndi kulambalala malo opsa ngakhale njira italike.

Chinthu china chomwe sindinapemphe koma anaikapo okha ndi chogwirira pamsana ndi kamphete kachitsulo komangapo chingwe. Chimenechi chinagwira ntchito kuposa zonse. Kumtunda kuli anyani ndipo galu akawathamangira sabwerako bwino, ndiye ndikangomva kukuwa kwawo ndimamugwira pomwepo. M'midzi namonso, ukafika umayamba kwa amfumu kukapereka moni ndi kunena komwe ukulowera, galu ali pachingwe, asathamangitse nkhuku kapena mbuzi za eni ake komanso asalowe kumanda, kuno nkhalango ya kumanda si malo oti mlendo ndi galu wake azingolowamo. Kapepala ka katemera wa chiwewe ndinakasunga mu pulasitiki m'kathumba kakang'ono kamkati, ndipo pamudzi wina cha ku Macanga amfumu anafunsadi asanatilole kugona, chifukwa mwana wina analumidwapo ndi galu wachilendo.

Chikwamachi chimalowa madzi, musanamizidwe ndi nsalu yokhuthalayo. Mame a mmawa ku Angonia ndi ochuluka ndipo usiku kumazizira koopsa, tsiku loyamba ufa unanyowa pansi nkuumbika, kuyambira pamenepo zonse ndimayamba ndamanga mu jumbo.

Titabwerako pa shapa (minibasi) ndinapita nacho kwa bambo aja nkuwaonetsa chipsera cha galu. Sanakane kapena kuyamba kundiuza kuti ndinamanga molakwika, anagwada nkumusisita Mukanene pakhwapa paja, nkunena kuti "apa ndinalakwitsa ndine, mwanawe". Anasuntha lambayo zala zitatu chakumbuyo, nkumukuta ndi nsalu ya bulangete, osalandira kanthu. Za tinsapato anati tiyesenso ndi chikopa chofewa chobowola timabowo, ndawauza kuti ndiganize kaye.

Ndiye amene mukufuna chotere, pitani nayeni galuyo akamuyeze, muwauze akute malamba onse kuyambira tsiku loyamba, ndipo musananyamuke ulendo wautali muyende naye kaye masiku angapo pafupi ndi kunyumba chikwama chili chopanda kanthu, kenako muziwonjezera pang'onopang'ono mukuyang'ana m'khwapa madzulo aliwonse. Ine ndinadumpha zimenezi ndipo amene anavutika anali galu. Chokonzedwachi tachiyesa kale maulendo awiri cha ku Lifidzi, khwapa lili bwinobwino, ndipo mvula isanayambe tikufuna tilowere mbali ya Tsangano.