Let's Encrypt: satifiketi yaulere yotetezera webusaiti ndi malire ake pa nkhani ya malipiro

Aliyense amene ali ndi webusaiti yogulitsirapo katundu kapena yosungitsirapo zipinda za ku loji amafika pa funso lakuti ateteza bwanji zimene makasitomala ake akulemba, makamaka manambala a makadi a ku banki. Yankho limene ambiri amapatsidwa masiku ano ndi Let's Encrypt, yomwe imapereka masatifiketi achitetezo kwaulere ndipo imayendetsedwa ndi Internet Security Research Group, bungwe la ku California lomwe cholinga chake si kupeza phindu. Ine ndimaigwiritsa ntchito pa mawebusaiti a mabizinesi ang'onoang'ono amene ndimasamalira, ndipo ndimaiyamikira kwambiri, ngakhale kuti anthu ambiri amaisenzetsa udindo umene siinapangidwire.

Satifiketi ikaikidwa pa seva, yomwe ndi kompyuta imene imasunga webusaiti, adiresi ya webusaiti imayamba ndi https m'malo mwa http, ndipo zonse zoyenda pakati pa foni ya kasitomala ndi sevayo zimasanduka zilembo zosawerengeka kwa munthu aliyense amene ali pakati, kaya ndi mwini Wi-Fi ya ku hotela kaya ndi kampani ya netiweki, ndipo munthuyo sangazisinthenso panjira popanda kudziwika. Kale masatifiketi amenewa ankagulidwa chaka ndi chaka, pa mtengo wa madola, choncho eni mabizinesi ambiri ankangowasiya. Let's Encrypt inatulutsa satifiketi yake yoyamba mu 2015, itayambitsidwa ndi akatswiri a ku Mozilla, Electronic Frontier Foundation ndi yunivesite ya Michigan, ndipo pofika mu February 2020 inali itapereka masatifiketi okwana 1 biliyoni. Kwa ife kuno ku Malawi, kumene kulipira chinthu ndi ndalama zakunja kumafuna khadi lololedwa komanso madola amene nthawi zambiri amasowa m'mabanki, kuchotsa mtengo kokhako ndi thandizo lalikulu. Ndipo kuyambira mu July 2018, pamene Chrome, pulogalamu ya Google yotsegulira mawebusaiti, inayamba kulemba mawu akuti "Not secure" (kutanthauza kuti malowo ndi osatetezeka) pa masamba onse a http, kukhala wopanda satifiketi kunasanduka kuthamangitsa makasitomala.

Kuiika sikuvuta kwa munthu wozolowera seva. Pulogalamu yotchedwa Certbot imapempha satifiketi, Let's Encrypt imauza sevayo kuti iike kafailo kapadera pamalo odziwika, kenako imapita kukaona ngati kafailoko kalipodi, ndipo ikakapeza imapereka satifiketi nthawi yomweyo, popanda fomu, popanda kalata ndiponso popanda kulankhula ndi munthu. Makampani ambiri osungira mawebusaiti anaiphatikiza kale m'zipangizo zawo, moti mwini webusaiti amangodina batani limodzi. Satifiketi imakhala masiku 90 okha, ndipo imayenera kudzikonzanso yokha itakwanitsa masiku pafupifupi 60. Ena amadandaula kuti nthawiyi ndi yochepa, koma ine ndimaona kuti anaganiza bwino, chifukwa kiyi yachinsinsi, imene imasungidwa pa seva ndipo imayendera limodzi ndi satifiketiyo, ikabedwa siigwira ntchito nthawi yaitali. Choyenera kusamala ndi chakuti kuyambira mu June 2025 bungweli linasiya kutumiza maimelo ochenjeza kuti satifiketi yatsala pang'ono kutha. Ngati kudzikonzanso kwalephera mwakachetechete, woyamba kudziwa ndi kasitomala, amene amakumana ndi tsamba la chenjezo lakuti "Your connection is not private", ndipo ndi ochepa amene amabweranso ndi khadi lawo ataona mawu amenewo.

Pali vuto lina limene limatikhudza kuposa anthu a ku Ulaya. Mafoni amene ali ndi Android yakale kuposa 7.1.1 sazindikira satifiketi yaikulu ya Let's Encrypt, ndipo njira imene inkawathandiza inatha mu 2024. Amene makasitomala ake akugwiritsabe ntchito mafoni akale otere ayenera kudziwa kuti ena mwa iwo aziona chenjezo ngakhale zonse zili bwino, pokhapokha atatsegula tsambalo ndi Firefox, yomwe ili ndi mndandanda wakewake wa masatifiketi odalirika.

Koma nkhani yaikulu ndi ya chimene satifiketiyi imachitira umboni. Let's Encrypt imatsimikiza chinthu chimodzi chokha, chakuti wopemphayo ndiye akulamulira dzina la webusaitiyo. Siifunsa ngati bizinesi inalembetsedwa ku boma, ngati katundu alipodi, kapena ngati mwiniwake ndi munthu wachilungamo. Wachinyengo atha kugula dzina lofanana ndi la banki, losiyana chilembo chimodzi chokha, n'kulandira satifiketi yeniyeni monga wina aliyense. Zili ngati envulopu yomatidwa bwino imene wa mtengatenga sangaitsegule, koma imene mwalembapo adiresi ya wakuba. Kwa zaka zambiri anthu anaphunzitsidwa kuti akaona kachizindikiro ka loko ndiye kuti malowo ndi odalirika, ndipo chiphunzitso chimenechi chinasokeretsa anthu mpaka Google inachotsa lokoyo mu Chrome m'chaka cha 2023. Sindikuimba mlandu Let's Encrypt pa zimenezi, popeza imanena poyera malire ake, koma okonza mawebusaiti amene amauza makasitomala kuti malipiro ndi otetezeka chifukwa cha satifiketi yokha akunena zosakwanira.

Ngakhale webusaiti yeniyeni ya kampani yodziwika ikhoza kubetsa makadi https ili pomwepo. Mu 2018 akuba analowa mu webusaiti ya British Airways n'kusintha kapulogalamu kamene kankagwira ntchito pa tsamba lolipirira, kotero kuti zimene anthu ankalemba zinkatumizidwanso kwa akubawo. Anthu oposa 400,000 anakhudzidwa, ndipo mu 2020 kampaniyo inalipitsidwa chindapusa cha mapaundi 20 miliyoni. Njira inali yotetezeka ndithu, koma mbava zinali zitakhala kale m'sitolo.

Chitetezo chenicheni cha malipiro chimachokera kwina. Mwini bizinesi yaing'ono asalandire manambala a makadi pa seva yake, koma atumize kasitomala ku tsamba la kampani yoyendetsa malipiro imene imatsatira malamulo otetezera makadi a ku banki otchedwa PCI DSS. Wogula ayembekezere kuti banki yake imutumizira nambala yogwiritsa ntchito kamodzi kudzera m'njira ya 3-D Secure, imene Visa imaitcha Visa Secure ndipo Mastercard imaitcha Identity Check, ndipo awerenge dzina la wogulitsa ndi kuchuluka kwa ndalama mu uthengawo asanavomereze. Polipira ndi Airtel Money kapena Mpamba, nambala yachinsinsi imalembedwa pa uthenga umene wabwera pa foni yanu kuchokera ku kampani ya foniyo, choncho webusaiti imene ikupempha kuti muilembe pa tsamba lake ndi yoyenera kuikayikira ngakhale adiresi yake itayamba ndi https.

Kodi pali chifukwa chogulira satifiketi yolipira? Kubisa kwa uthenga n'kofanana, chifukwa mphamvu yake imadalira mmene seva yakonzedwera osati mtengo wa satifiketi. Masatifiketi olipira ena amatsimikizanso dzina la kampani, ndipo wogula amakhala ndi ofesi yoti aidandaulire zinthu zikavuta, pamene Let's Encrypt imangodalira malangizo olembedwa komanso anthu ongodzipereka. Banki kapena kampani ya inshuwalansi ingafune zimenezo. Kwa loji ya ku Mangochi kapena sitolo ya zovala ya ku Limbe, Let's Encrypt ndi yokwanira, ndipo ndalama zimene zikanagula satifiketi ndi bwino zipite kwa munthu woti aziika mapulogalamu atsopano pa seva ndi kuyang'anira tsiku limene satifiketiyo ikutha.