Overclock ya Steam Deck pa kaloja ka ku Matundo: amestre ntchito amaidziwa, koma kutentha kwa ku Tete sikukulola

Amene muli ndi Steam Deck, kamakina kam'manja kosewerera magemu a pa kompyuta, kuno ku Tete mwina mwamva kale zoti ku Matundo kuli amestre ena okonza mafoni amene ayamba kuchita overclock timakina timeneti, kutanthauza kukweza liwiro la chipu kupitirira mmene anaikira ku fakitale. Ine ndinapititsa yanga, ndiye ndikuuzeni mmene zinayendera. Pitani ndithu, munthuyo manja ake ndi abwino, koma mukalipire zotsuka mkati, kusintha pasita (phala limene amapaka pa chipu kuti kutentha kuzituluka) ndi undervolt (kuchepetsa magetsi opita ku chipu) basi. Overclock yeniyeniyo isiyeni, pokhapokha ngati mumakhala ku Angónia kapena ku Tsangano kozizira kuja, kapena muli ndi chipinda cha AC chosewereramo.

Kalojako ndi kakang'ono, mukawoloka mlatho wa Samora Machel kuchokera mtauni simuyenda kwambiri, ka malata, kodzaza ndi mafoni osweka sikirini ndi ma laptop a ana asukulu. Amestre ake ndi achikulire pang'ono, osalankhulalankhula. Chimene chinandisangalatsa poyamba ndi choti asanagwire sikuluu iliyonse anandifunsa kuti "achimwene, ndi LCD kapena OLED, nanga BIOS ili pa nambala yanji?" Munthu wongoyesa mwayi safunsa funso limenelo. LCD ndi OLED ndi mitundu iwiri ya Deck malinga ndi sikirini yake, BIOS ndi pulogalamu ya mkati imene imadzutsa kamakina ndi kusunga seting'i za chipu. Yanga ndi LCD, ija yoyamba imene Valve, kampani yopanga Deck, anatulutsa mu February 2022, ya batire ya 40Wh ndi sikirini ya mainchesi 7. Ndinachita kuitanitsa kudzera kwa m'bale wanga amene ali kunja poti Valve sagulitsa okha kuno ku Mozambique, ndiye dziwiranitu kuti ikafa palibe kumene mungakaibweze, zithera pa tebulo la amestre ngati amenewa.

Kuti mumvetse chimene tikulipira, mkati mwa Deck muli chipu imodzi ya AMD imene yanyamula zonse ziwiri, purosesa ndi GPU yojambula zithunzi za gemu. Purosesayo ndi Zen 2 ya makoro 4, imayenda pakati pa 2.4 ndi 3.5 GHz, GPU ndi RDNA 2 imene imalekezera pa 1.6 GHz. Koma nkhani yaikulu si ma GHz amenewo ayi, ndi mawati. Chipu yonseyo anaipatsa malire a 15W, ndipo awiriwa amagawana 15W yomweyo ngati ana odyera mbale imodzi, wina akatapa kwambiri mnzake atsala ndi njala. Ndiye ukangokweza ma GHz osakweza mawati palibe chimene wachita, manambala amangokongola mu BIOS koma mu gemu chipu siifikako. Amestre anandifotokozera zomwezi mwa njira yawo, sanabise, anati kuti ndione kusintha ayenera kutsegula TDP, malire a mawati aja, ipite ku 18 kapena 20W, ndipo mawati owonjezerawo onse amasanduka kutentha kumene kafani kamodzi kaja kayenera kutulutsa.

Ndinavomera tiyese. Anayamba ndi kusunga kope ya BIOS yanga pa fulashi, ndipo fulashiyo anandipatsa kuti ndisunge ndekha, apa ndiye ndinawapatsa ulemu kwambiri chifukwa BIOS ikasokonezeka popanda kope imeneyo ndiye kuti kamakina kasanduka chokongoletsa pa shelefu. Kenako anatsegula ma menyu obisika a mu BIOS, purosesa anaiika pa 3.8, GPU pa 1.8, TDP pa 20W. Anafuna kukwezanso RAM kuchoka pa 5500 kupita pa 6400, imene ndi liwiro la RAM ya mu OLED ya 2023, ndipo kunena zoona pamenepo ndi pamene pali phindu lenileni poti GPU ya mu Deck ilibe memory yakeyake, imadalira RAM yomweyo ya 16GB. Koma yanga inakana, sikirini inangoti bii osayaka. Amestre sanatekeseke, anagwira batani lochepetsa voliyumu, la timadontho titatu lija ndi loyatsira pamodzi, kamakina kanakhala kaye chete kenako kanadzuka. Anati si ma Deck onse amene RAM yake imalola, zimatengera machipu amene anaikamo ku fakitale, ndipo sanandilipiritse gawo limenelo.

Tsopano zotsatira zake. Usiku, fani ya m'nyumba ikuwomba, Deck ili pa chaja, kusintha kulipo koma ndi kochepa. Mu Red Dead Redemption 2 ndi Cyberpunk 2077 ndimapeza mafelemu (zithunzi zimene gemu imaonetsa pa sekondi) owerengeka chabe pamwamba pa akale, okwanira kuti malo amene imagwa pansi pa 30 izigwirako bwino, koma osati oti mnzako ataima kumbuyo kwako angazindikire. Kumene ndinamva kusiyana ndi ku ma emulator, mapulogalamu oyendetsa magemu a makina ena, makamaka magemu a PS3 amene amafinya purosesa kwambiri, kumeneko kudukizadukiza kwa mawu kunachepa ndithu. Magemu a PS2 ankayenda kale bwino, sanafunike chilichonse.

Masana ndiye nkhani ina. Amene simunakhaleko ku Tete mu October ndi November simungamvetse, kuno madigiri amadutsa 40 osachita kufunsa, mpweya wa m'chigwa cha Zambezi umakhala wotentha ngakhale uli pamthunzi, ndipo mpweya womwewo ndi umene fani ya Deck ikukoka kuti iziziritse chipu. Valve eni ake ananena mu July 2022, nthawi imene ku Europe kunatentha kwambiri, kuti Deck imagwira bwino ntchito kunja kukakhala pakati pa madigiri 0 ndi 35, ndipo chipu ikafika 100 imayamba kudzichepetsa liwiro yokha, ikafika 105 imazima. Taganizani, ife tadutsa kale 35 yawoyo tisanayatse ndi gemu yomwe, ndiye tikuwonjezeranso mawati 5 pamwamba. Yanga masana inkakwera msanga kupita m'ma 90 apamwamba, fani ikulira mpaka oyandikana nawe mu shapa kutembenuka, kumsana kwake kutentha zala, kenako imadzichepetsa liwiro ija ndipo gemu imayamba kudodoma moipa kuposa mmene inkachitira pa 15W. Ndalama walipira kuti ithamange, koma pa 2 koloko masana ikuyenda pang'onopang'ono kuposa ya mnzako amene sanaigwire.

Za batire musachite kufunsa. Pa 15W gemu yolemera imatha batire ya LCD mu ola limodzi ndi theka kapena awiri, chifukwa si chipu yokha ikudya, palinso sikirini, fani, RAM ndi zina. Pa 20W ukakwera shapa ya ku Ulongwe sufika patali isanazime, ndipo ulendo umenewo ndi umene ine ndinagulira kamakinaka, kuti ndikamapita kumudzi ndizikhala ndi chochita pa mseu. Komanso batire za lithium sizigwirizana ndi kutentha, zimakalamba msanga, zina zimafufuma, ndipo batire ya Deck anaimata ndi guluu wolimba, kuisintha si masewera ngakhale kwa amestre.

Ndili kumudzi ku Ulongwe, ku Angónia, nyengo yozizira ndinaona kuti vuto si amestre ayi. Seting'i yomweyo, magemu omwewo, chipu inakhala pansi bwinobwino osadzichepetsa, fani imamveka koma osati kukuwa. Kumtunda kuja kumazizira moti mu June ndi July m'mawa umafuna juzi, ndiye anzanga a ku Angónia, Tsangano kapena ku Furancungo mukhoza kupindula nayo overclock imeneyi ngati mumasewera pa chaja nthawi zambiri. Ife a mtauni ndi a ku Moatize ayi.

Ndinabwereranso ku kaloja kuja kuti abwezere TDP pa 15W, ndipo chimene anachita ulendo umenewu ndi chimene ndikulimbikitsa aliyense. Anatsegula kumsana, epa, fumbi limene linatuluka pa fani ndi pa tizitsulo totulutsa mpweya tija, lakuda bii, ndimagwira ntchito ku Moatize ndiye fumbi la malasha limalowa paliponse. Anapukuta, anachotsa pasita wakale amene anali atauma gwaa, anaika PTM7950, kaja kooneka ngati kapepala kotuwa kamene kamasungunuka chipu ikatentha ndipo sikauma msanga ngati pasita wamba. Kenako undervolt. Iyi siifuna ngakhale zobisika, kuyambira SteamOS 3.5 (SteamOS ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsa Deck) Valve anaiika poyera mu BIOS, umagwira batani lokweza voliyumu ndi loyatsira, umalowa, umatsitsa mphamvu ya magetsi yopita ku purosesa, GPU ndi SOC (mbali zina za chipu) mpaka polekezera -50 mV. Chipu ikamamwa magetsi ochepa pa liwiro lomwelo ndiye kuti mu 15W yomwe ija mukukwana ntchito yochulukirapo, osawonjezera kutentha. Amestre sanangogwetsa zonse pa -50 ayi, anatsitsa pang'onopang'ono akuyesa ndi gemu, yanga inakhazikika pa -30, kupitirira apo imazima yokha. Anati chipu iliyonse ili ndi polekezera pake, osakopera manambala a mnzako.

Anandionetsanso zina zaulere zimene ambiri timazinyalanyaza mu menyu ya timadontho titatu. Sikirini ya LCD imalola kuitsitsa kufika 40Hz, ndiye ukatseka gemu pa mafelemu 40 imaoneka yosalala kwambiri kuposa 30, chifukwa felemu iliyonse imatenga 25 ms, pakatikati penipeni pa 33 ms ya mafelemu 30 ndi 16.7 ms ya mafelemu 60. Ukaphatikiza ndi FSR, imene imakuza chithunzi chaching'ono kuti chidzaze sikirini, ndi kutsitsa mithunzi mu gemu, magemu ambiri amayenda bwino TDP ili pa 11 kapena 12W, kamakina kosatentha, batire ikukhalitsa. Kwa ine izi zandithandiza kuposa 3.8 GHz ija.

Pali ziwiri zimene sizinandisangalatse ndipo ndinawauza pamaso. Choyamba, ulendo woyamba uja sanandichenjeze kuti SteamOS ikapanga update imatha kulembanso BIOS yatsopano, ma menyu obisika aja n'kutsekeka, overclock imene walipira n'kupita. Mnzanga wina amene anachititsa yake kumeneko zinamuchitikira, atabwerera anamuuza kuti alipirenso theka. Zimenezo ayenera kumanena poyamba munthu asanatulutse metikali. Chachiwiri ndi nthawi, akakuuzani kuti mubwere madzulo dziwani kuti ndi mawa, chifukwa aliyense wobwera ndi foni yosweka amadumpha mzere, ndipo pakhomopo palibe pokhala pamthunzi. Kusiya kamakina kodula chonchi usiku wonse mu loja ya malata mtima sukhala pansi, ine ndinapempha kuti andilembere kapepala kokhala ndi siriyo nambala, analemba osavuta, inunso mukapemphe.

Mtengo amachita kukambirana, koma overclock amatchaja pafupifupi kawiri poyerekeza ndi kutsuka ndi pasita, undervolt amangophatikiza mukatsukitsa. PTM7950 sakhala nayo nthawi zonse, amachita kuitanitsa, ndiye muyambe mwafunsa musanawoloke mlatho. Amalandira M-Pesa ndi e-Mola. Za ROG Ally, kamakina ka Asus kofanana ndi Deck, amestre anati amatsuka ndi kusintha pasita basi, za mawati sagwira poti imeneyo ili kale ndi Turbo ya 25W pa batire ndi 30W pa chaja mu pulogalamu yake ya Armoury Crate, palibe choti atsegule.

Mukamapita tengani chaja yanu yeniyeni ya 45W, iwo ali ndi za mafoni zokha ndipo safuna kugwira BIOS batire ili pansi. Chotsaninso microSD musanawapatse, kakhadiko kakatsalamo potsegula kumsana kamathyoka pakati.