Ya ku Birmingham, AYA kapena Baikal: iti yopita nayo kokawombera timbale?

Anzanga angapo amene atenga chiphaso cha mfuti kuno ku England akhala akundifunsa funso limodzimodzi mpaka ndaona kuti ndingolemba. Akufuna kumabwera ku masiku amene okonda mfuti zakale amakumana n'kumawombera timbale touluka, koma pakhomo pamalembedwa kuti mfuti ikhale ya mipope iwiri yogundizana m'mbali, osati yosanjikizana ija yadzaza masiku ano. Ndiye agule iti? Pa ndalama za munthu wolandira kumapeto kwa mwezi, mfuti zodula za Purdey ndi Holland & Holland tizisiye kaye. Zotsala ndi zitatu: boxlock (mfuti yomwe tizitsulo take towombera tili m'kabokosi kachitsulo kuseri kwa mipope) yakale ya ku Birmingham, AYA ya ku Spain, ndi Baikal ya ku Russia.

Baikal ndithane nayo msanga. Ndi yotchipa, siifa wamba, koma ndi yolemera komanso yolimba potsegula. Ngati mukungofuna kuzolowera zokhethemulira ziwiri musanawononge ndalama zambiri, ikuthandizani. Mpikisano weniweni uli pakati pa ziwiri zinazi.

Mkati mwake mfuti ziwirizi ndi pachibale. Kapangidwe ka boxlock kanayamba ndi Anson ndi Deeley, amisiri a kwa Westley Richards ku Birmingham, mu 1875, ndipo AYA No. 3 ndi No. 4 za ku Eibar, tauni ya ku Spain, zimatsata kapangidwe komweko. Kusiyana kumamveka mukaiika paphewa. Ya ku Birmingham yabwino, kaya ndi Webley & Scott 700 kaya ina yolembedwa dzina la kasitolo ka m'tauni komwe inagulitsidwira, imabwera yokha pamaso, kulemera kwake kuli pakati pa manja awiri. AYA imachita bwino ndithu, koma kawirikawiri mumamva kuti kutsogolo kuli chitsulo chochulukirapo. Apa sindibisa, mtima wanga uli ku Birmingham.

Koma kupepukako kuli ndi mtengo wake pa tsiku la timbale. W. W. Greener, mmisiri wa mfuti wa ku Birmingham, dzina lomwe ngakhale kwathu timalimva pa nkhani za mfuti, ankati mfuti izilemera kuchulukitsa ka 96 kulemera kwa mtovu umene ikuponya. Katiriji ya magalamu 28 ikufuna mfuti ya makilogalamu pafupifupi 2.7, ndipo zambiri zachingerezi zili pomwepo kapena kupitirira pang'ono. Zinapangidwira munthu woyenda m'munda tsiku lonse n'kuwombera mwa apo ndi apo. Pa timbale 100, phewa ndi chala chapakati zimadandaula. Mankhwala ake ndi makatiriji a magalamu 21 kapena 24, ndipo kambale kamasweka chimodzimodzi. Mipope imatenthanso kwambiri pamene timbale tikubwera motsatizana, choncho kachikopa kovala pamipope kapena gulovu ya dzanja lakutsogolo n'zofunika pa mfuti zonse ziwiri.

Pa makatiriji AYA yapambana mosavuta. Zambiri zimalandira otalika mamilimita 70, omwe ali pa shelefu iliyonse. Zachingerezi zambiri zakale zimafuna a mamilimita 65, ndipo si bwalo lililonse limasunga amenewa. Musakakamize a 70 m'chipinda cha 65 chifukwa choti alowa. Katiriji imalowa isanatseguke, koma ikaphulika kukamwa kwake kumafuna malo.

Tsopano nkhani imene inandipweteka, yomwe ndi chifukwa chenicheni cholembera zonsezi.

Ndinagula boxlock ya ku Birmingham pa okushoni ina, ya zaka za pakati pa nkhondo ziwiri za dziko lonse zija. Thabwa lake linali lokongola, mipope yakuda bii ngati yatsopano, ndipo m'kabuku analemba kuti mfutiyo ili ndi chidindo chovomerezeka, chosonyeza kuti mipope yake inayesedwa mphamvu. Sananame. Ku Britain n'kulakwira lamulo kugulitsa mfuti yomwe chidindo chake cha kuyesedwa chinatha mphamvu, ndipo nyumba zoyesera ndi ziwiri, ya ku London ndi ya ku Birmingham yomwe inakhazikitsidwa mu 1813. Chimene lamulo limayang'ana kwambiri ndi kukula kwa bowo la mpope. Ngati mkati munapalidwa pochotsa dzimbiri mpaka bowo kukula kupitirira malire kuchokera pa muyeso womwe unadindidwa, chidindo chatha ntchito. Mfuti yangayo inali mkati mwa malire, ngakhale movutikira.

Chimene sanalembe ndi kuchindikala kwa khoma la mpope. Mpope umatha mbali ziwiri. Mkati amaupala pochotsa timaenje ta dzimbiri, kunja amaukwecha asanaudetsenso kuti uwale. Kukwecha kwa kunja sikusintha bowo, choncho mfuti itha kukhala yololedwa kugulitsidwa pamene khoma lake latsala pang'ono kwambiri. Mmisiri wanga anaika mipope pa chida chake, nsonga imodzi mkati ina kunja, n'kumatsetsereka nayo pang'onopang'ono uku akuyang'ana muvi wa wotchi. Pa mpope wakumanja muvi unakhala bwino. Pa wakumanzere, chakutsogolo pafupi ndi kamzere kolumikiza mipope, muvi unatsika n'kudutsa pansi pa 20. Amisiri amayeza m'tizigawo ta inchi togawa ka 1000, ndipo ambiri safuna kuona khoma lochepera 20, zomwe ndi theka la milimita. Anabwereza, n'kuchonga pamalopo ndi choko, osanena kanthu kwa kanthawi. Kenako anati khoma lotere silichedwa kubonyoka, ndipo likabonyoka palibenso chitsulo choti n'kuwongola.

Njira yotsala inali kudula mipope yakale n'kulowetsa yatsopano pa tsinde lake, kenako kuitumizanso kukayesedwa. Ntchito imeneyi mtengo wake unali kupitirira mtengo wa mfutiyo, ndipo ikatha amadindapo mawu osonyeza kuti mipope inasinthidwa, zomwe zimatsitsa mtengo pogulitsa. Onjezerani zomwe zinali zitapita kale. Mtengo umene nyundo yagundira si umene mumalipira. Pamwamba pake pamabwera gawo la eni okushoni, lomwe kwa ine linali pafupifupi limodzi mwa magawo anayi, ndiyeno VAT ya 20 peresenti pa gawo limenelo. Ngati simukakatenga nokha, mfuti siibwera pakhomo ngati katundu wina. Imadutsa kwa wogulitsa mfuti wovomerezeka wa kufupi ndi kwanu, amene nayenso amalipiritsa, kuphatikiza ya mtengatenga. Chomwe chimandiwawabe n'chakuti chida choyezera khoma sichisowa m'nyumba zogulitsa mfuti zakale. Alipo a okushoni amene amalemba manambalawa poyera, ndipo amenewo ndimawalemekeza. Amene amangolemba za chidindo n'kukhala chete pa khoma akudziwa chimene akubisa.

Apa ndi pamene AYA imapezera mphamvu. Zambiri zomwe zili pamsika wa zogwiritsidwa kale ntchito zinalowa m'dziko muno kuyambira zaka za m'ma 1960, ndiye sizinadutse m'manja ambiri opala ndi kukwecha ngati mfuti ya 1925. Chidindo cha ku Eibar chimavomerezedwa kuno. Sindikunena kuti AYA iliyonse ndi yabwino. Zina zinagwira ntchito ya pafamu, zinagona m'galimoto yonyowa, ndipo zimagwedera polumikizira mipope. Chotsani kathabwa ka kutsogolo, gwirani pa thabwa la paphewa n'kugwedeza. Mukamva kugogoda, mmisiri akuyembekezera ndalama zanu.

Pali chinanso chimene chikubwera. Mu July 2025 boma linalengeza kuti mtovu uletsedwa m'makatiriji ku England, Scotland ndi Wales patapita zaka zochepa zokonzekera, ndipo timbale sitinasiyidwe kunja. Cholowa m'malo chotchipa ndi chitsulo, chomwe ndi cholimba kuposa mtovu ndipo sichifinyika podutsa pothina pa kukamwa kwa mpope. Malangizo amene amisiri amapereka ndi akuti makatiriji achitsulo wamba alowe mu mfuti yoyesedwa ndi wonga wamakono, ya khoma labwino, ndipo kukamwa kwake kusathine kupitirira theka. Achitsulo amphamvu kwambiri amafuna chidindo chapadera cha kaduwa. Mipope ya Damascus, yopindidwa ndi manja yokongola ija, isiyeni kutali ndi chitsulo. Kwa iyo kwatsala makatiriji a bismuth, yolowanso m'malo mwa mtovu koma yofewa kuposa chitsulo, yomwe mtengo wake sungalole munthu kuswa timbale 100 Loweruka lililonse. AYA ya mamilimita 70 imangofuna kuti mmisiri atakase kukamwa kwa mpope wakumanzere ngati kuli kothina. Yachingerezi ya 65 ili ndi makatiriji achitsulo ochepa oti isankhepo.

Pa zokonzetsa, zonse ziwiri amisiri a kuno amazidziwa, koma kachitsulo ka mfuti yakale yachingerezi kakathyoka nthawi zambiri kamachita kusulidwa ndi manja. Yolavula yokha makatiriji, monga AYA No. 4, ndi yosangalatsa, koma ndi malo enanso owonongeka. Pa timbale simuthamangira kulikonse, ndiye AYA No. 3 kapena AYA Yeoman yotulutsa ndi zala ikukwanirani.

Wina anganene kuti AYA si yakale mokwanira. Funsani okonza tsikulo, chifukwa ena amagawa magulu, monga la mfuti za nyundo zakunja kapena la zopangidwa chaka china chisanafike, koma gulu lalikulu limalandira iliyonse ya mipope yogundizana.

Ndiye abale, amene mukugula koyamba, mutalipira kale chiphaso (chinali mapaundi 194 mu 2025) n'kugula kabati yokhoma, tengani AYA No. 4 kapena No. 3 musitolo momwe angakuloleni kuiyesa paphewa. Ya ku Birmingham ndimaikondabe kuposa, ndipo ndikaipeza yabwino ndidzagulanso, koma osati pa okushoni yosalemba manambala. Ndidzaima pambali pa mmisiri akuyeza, ndione bowo la mipope yonse iwiri, khoma pamalo popyapyala kwambiri, ndi kutalika kwa chipinda cha katiriji, ndipo manambalawo alembedwe pa lisiti.