Ndalama za boma zokonzera njira za snowmobile si malipiro anu

Abale anga kumudzi, uthenga uja ukuzungulira pa WhatsApp wonena za "ntchito ya boma" yosalaza njira za pa chipale chofewa ku America wandipezanso kudzera kwa mlamu wanga wa ku Dedza, amene akufuna kugulitsa ng'ombe ziwiri kuti alipire. Msampha umenewu unandikola ine mu 2023, ndiye mundimvere.

Ndinafika ku Minnesota, dera la kumpoto kwa America, ndi green card ya lotale (chilolezo chokhala ndi kugwira ntchito kumeneko), mapepala onse ali bwino. Dobadoba wina, wolankhula Chichewa ngati ife tomwe, anandiuza kuti boma limathira ndalama chaka chilichonse pa njira za snowmobile, zija zili ngati njinga zamoto koma zotsetsereka pa chipale, ndipo oyendetsa makina osalazira njirazo akusowa. Anandilonjeza $22 pa ola, maola 40 pa sabata, kuyambira Disembala mpaka Malichi. Ndinamupatsa $2,500 ya ngongole. Nditafika ku tauni ina yaing'ono kumpoto, anandiitanitsanso $600, ati ya setifiketi. Kachipinda kamene ankati ndi kaulere kanali $450 pa mwezi, ndipo jekete, nsapato ndi magolovesi opirira kuzizira kwa madigiri 30 pansi pa ziro zinandidyera $400 ina. Ndalama zokwana $3,950 zinatha ndisanagwire nkomwe chiwongolero!

Bodza lake linali lokoma chifukwa linasakanizidwa ndi zoona. Thandizo la boma lilipodi. Minnesota ili ndi njira zoterezi zotalika pafupifupi mamailosi 22,000, ndipo zambiri mwa izo amazisamalira ndi makalabu a anthu ongodzipereka. Ndalama zimachokera ku zolipira polembetsa snowmobile, ku zitupa zoyendera m'njirazo ndi ku gawo la msonkho wa petulo. Nthambi ya zachilengedwe ya boma la Minnesota, imene amaitcha DNR, imazipereka kudzera ku khonsolo ya dera, ndipo khonsoloyo ndi imene imapatsa kalabu. Sizibwera zonse pakamodzi, zimabwera m'magawo, kalabu ikasonyeza kuti ntchito yakutiyakuti yachitika. Palibe pamene boma limalemba munthu ntchito m'dongosolo limeneli.

Amene ananditsegula maso ndi mayi wina wachikulire, msungichuma wa kalabu ya m'deralo. Nditamufunsa za kontrakiti yanga, anakhala chete kwa kanthawi, kenako anandilowetsa m'khitchini mwake, nandithirira khofi, natulutsa mabuku a ndalama. Anandisonyeza mzere ndi mzere: dizilo, inshulansi, ngongole ya makina, zitsulo zosinthira, zikwangwani, matabwa a timilatho. Chotsala chinali chochepa kwambiri. Dzina la dobadoba uja anali asanalimvepo, ndipo setifiketi ndinalipira ija kalabu sinkaifuna. Anandiuza mosabisa kuti anthu ambiri kumeneko amagwira ulere, alimi ndi opuma pa ntchito amene amakonda masewerawo, ndipo ochepa amene amalipidwa amalandira pa maola okha amene makina ayenda. Mayi ameneyu sanandilipiritse ngakhale senti imodzi. Anapempha mwamuna wake kuti andiphunzitse kuyendetsa, ndipo ndi iye yemwe anandiuza kumene ndingakafunse ntchito ya ku fakitale.

Ntchitoyo payokha ndi yolemetsa. Makina ake ndi chithilakitala cha matcheni chimene chimakoka chisimbi chachitali kumbuyo, kuphwanya mabampu ndi kutsendera chipale. Amayenda usiku, pang'onopang'ono, chifukwa nthawi imeneyo okwera achepa ndipo kuzizira kumalimbitsa njira. Uli wekha m'nkhalango, netiweki palibe, mtengo ukagwera m'njira utsike ndi sowo uudule zala zili gwa. Chipale chisanagwe pamakhalanso kudula tchire, kukhoma zikwangwani ndi kupempha chilolezo kwa eni minda, poti njira zambiri zimadutsa m'malo a anthu. Zonsezo ndi zaulere.

Ndiye chaka changa chinali cha 2023 mpaka 2024, nyengo yozizira imene inafunda modabwitsa ku Minnesota, chipale osagwa mokwanira. Njira zinali udzu ndi matope. Nyengo yonseyo ndinakwera makina mausiku 6 okha, lendi ikuwerengabe. Dobadoba anasintha nambala mu Januwale.

Inu amene muli kumudzi, zanu zingavute kuposa zanga, chifukwa ine ndinali ndi chilolezo chogwira ntchito. Akukuuzani kuti mubwere ndi viza ya mlendo, zina mudzakonza mutafika. Viza imeneyo siilola ntchito, ndipo mu Ogasiti 2025 America inayamba kufuna chikole cha mpaka $15,000 kwa Amalawi ndi anthu a ku Zambia oipempha. Lekani kulota madola chifukwa chongomva mawu akuti boma. Munthu akakuuzani za ntchito imeneyi, mufunseni dzina la kalabu, dzina la khonsolo, ndi chimene mudzadye chipale chikapanda kugwa. Akayamba kuzungulira, musatumize kalikonse.

Mlamu, ng'ombe zija zisiyeni m'khola. Ine ngongole ya $2,500 ija ndinamaliza kubweza patatha miyezi 14, ndikugwira mashifiti a usiku ku fakitale.