Jekete ya Seattle Seahawks ya pa kaunjika wa ku Ulongwe

Ndinaigula Loweruka lina mu Meyi chaka chatha, pamsika wa ku Ulongwe, kwa mayi wina amene amamasula belo la kaunjika m'mamawa, uja anzathu a ku Tete amati calamidade. Anayambira pa 1,200 meticais. Ndinati, "Mayi, koma zipi iyi mwaiona?" Anaseka, tinagwirizana pa 850. Tsopano yadutsa nyengo yozizira iwiri, ndiye ndinganene za iyo popanda kunama.

Pa nkhani ya kutentha ndilibe nayo mlandu. Ine ndimadzuka 5 koloko kukwera njinga yamoto kupita kusukulu imene ndimaphunzitsa, njira ya ku Domue, ndipo amene anakhalako kuno mu Juni ndi Julayi akudziwa mmene mphepo ya ku Angonia imalowera m'mafupa. Jeketeyi ili ndi ubweya mkati, kunja kwake nsalu yoterera yosalola mawawa. Mvula yeniyeni ya mu Januwale imalowa pamapewa pakatha theka la ola, musadzanamizidwe. Mtundu wake ndi wobiriwira moderako ngati mtambo wa usiku, ndipo fumbi la mumsewu silionekera msanga. Mayi a kunyumba aichapa kambirimbiri ndi sopo wamtanda, osasuluka.

Kumsana kwake kuli mutu wa mbalame ngati kabawi ndi mawu akuti Super Bowl XLVIII Champions. Anyamata a timu ya pasukulu, imene ndimaiphunzitsa mpira madzulo, anandivutitsa nawo mawuwa mpaka mphwanga anafufuza pafoni. Ndiye ndinadziwa kuti ndavala chikho cha munthu wina dzina lake Pete Carroll, mphunzitsi wa mpira wa ku America uja wa mpira wosongoka ngati papaya, wothamanga nawo m'manja atavala zipewa zolimba.

Nkhani ya bambo ameneyu inandigwira mtima kuposa jeketeyo. New York Jets inamupatsa timu mu 1994, anapambana masewero 6, kugonja 10, n'kuchotsedwa nyengo ya masewero itangotha. New England Patriots inamusunga zaka zitatu, 1997 mpaka 1999, nayonso n'kumuonetsa msana wa njira. Anatsikira ku mpira wa pa yunivesite, ku USC mumzinda wa Los Angeles, mu 2001, ndipo kumeneko ndi kumene anadzuka: timu yake inatchedwa akatswiri a dziko lonse mu 2003 ndi 2004, ngakhale chikho china cha 2004 anadzalandidwa chifukwa cha mphatso zimene wosewera wake Reggie Bush analandira mosemphana ndi malamulo. Mu 2010 anabwerera kwa akuluakulu, ku timu ya Seattle Seahawks, ndipo pa 2 Febuluwale 2014, mu fainolo ya chikho chachikulu cha Super Bowl, anaswa Denver Broncos 43 kwa 8. Ndi aphunzitsi atatu okha amene anatengapo zikho zonse ziwiri, cha pa yunivesite ndi Super Bowl: iyeyu, Jimmy Johnson ndi Barry Switzer.

Koma chimene timakanganirana ndi mphwanga mpaka lero ndi chaka chotsatira. Fainolo inanso, akulimbana ndi Patriots yomwe inamuchotsa ija, akutsalira 28 kwa 24, mpira uli phazi limodzi lalikulu kuti afike pamzere, masekondi otsala osakwana 30. Ali ndi Marshawn Lynch, chimunthu chogumula khoma. M'malo momupatsa kuti angodutsa nawo, woponya mpira wa Seattle, Russell Wilson, anauponya m'mwamba, Malcolm Butler wa Patriots n'kuuwakha. Basi, chikho chinapita. Mphwanga amati, "Malume, munthu ameneyu anapenga." Ine sindifulumira kutero. Ndinasinthapo goloboyi patatsala mphindi ziwiri pofuna mapenate, ndipo makolo a ana aja sanandipatse moni mwezi wathunthu.

Tibwerere ku jekete. Zipi ija inandisiya sabata yachitatu, pakati pa msewu, chifuwa pamtunda. Telala wa pakhonde la sitolo anaika ina pa 150, yakuda, yosagwirizana ndi mtundu wake, koma imatseka. Thumba lakumanzere linali lobooka mkati, ndipo mayi aja sanandiuze. Ndinatayiramo wezulo, mpaka ndinadzaipeza miyezi iwiri pambuyo pake ikugogoda m'mphepete mwa m'munsi. Manja ake ndi aatali, anasokera anthu a misinkhu ya kwawoko, ndiye ndimapinda kawiri. Fungo la mankhwala a m'belo linatha pochapa kachitatu.

Mukaipeza ina yotere, itembenuzeni kaye muone matumba, kokani zipi kasanu pamaso pa wogulitsa, ndipo musapitirire 900. Mayi aja ndinawafunsa ngati m'belo lotsatira mungakhale chipewa chake. Anati iwo samasankha, amangodula waya n'kuona zimene zatuluka.