Kamtengo ka azitona: kamphika ka bonsai kapena beseni?

Kamtengo ka azitona kakadali kanthete, ambiri amathamangira kukaika m'kamphika kosaya ka bonsai (luso lolera mtengo m'kamphika kuti ukhalebe waung'ono). Kamaoneka bwino pakhonde, koma thunthu limangokhala ngati chala zaka ndi zaka chifukwa mizu ilibe kolowera. Mu Okutobala kuno ku Blantyre, dothi lake limauma gwaa dzuwa lisanapendeke.

Ine ndimakonda beseni lakale lapulasitiki, loboola pansi ndi msomali wamoto. Silikongola ayi, koma thunthu limanenepa msanga. Vuto ndi mvula ya Januwale, poti azitona sagwirizana ndi chinyontho. M'beseni langa loyamba ndinathiramo dothi lakudimba, mizu yonse inaola. Tsopano ndimasakaniza njerwa zoswaswa ndi mchenga wokhakhala, ndipo ndimawokera mu Ogasiti chiperoni chikatha.