Mapaundi 53 kukaona tchalitchi cholowa ulere

Abale anga, ndikulemba mtima ukuwawabe. Ndimasamalira okalamba kuno kumpoto kwa England. Mwezi watha bambo wina wa pagulu lathu la WhatsApp, amene amati amathandiza obwera kumene, anakonza ulendo wokaona tchalitchi chachikulu cha ku Durham. Anatilipiritsa mapaundi 48 aliyense: 25 ya minibasi, 15 yolowera, 8 ya wotionetsa malo. M'mawa wa tsikulo anawonjezeranso 5, ati ya poimika galimoto. Tinalipo anthu 14.

Titafika, palibe anatifunsa tikiti. Kulowa m'tchalitchimo n'kwaulere, amangopempha kuti amene angathe aponyeko kangachepe. Wotionetsa malo uja sanabwere. Mapaundi 322, a polowera ndi a wotionetsa malo, analowa m'thumba la munthu mmodzi, wakwathu, wolankhula chinenero chathu, akudziwa bwino kuti ndalamazo timazipeza pochezera usiku kutembenuza odwala.

Anatipukuta misozi ndi mayi wina wachikulire, wongodzipereka pa tchalitchipo. Atationa tikungoyang'anayang'ana, anayenda nafe pafupifupi ola lathunthu. Tinasonkherana kuti timuthokoze, anakana.

Anatiuza kuti anayamba kumanga mu 1093, bishopu wake ali William wa ku St Calais, ndipo pofika 1133 mbali yaikulu inali itatha. Kamangidwe kake amakatcha Romanesque: makoma okhuthala, makomo ndi mazenera ozungulira pamwamba ngati uta. Mizati yake ndiye musanene. Tinagwirana manja anthu anayi kuti tizungulire umodzi. Ina anaisema mizere yokhotakhota, ina timabokosi tonga maluko a lichero, ndipo ukasisita umamva m'mene munadutsa chitsulo cha mmisiri. Denga ndi la miyala yokhayokha, lotsamira pa nthiti za miyala zopingasana. Pafupifupi zaka 900, likadali pomwepo.

Anachimangira mtembo wa Cuthbert Woyera amene anamwalira mu 687. Amonke a ku chilumba cha Lindisfarne anathawa nawo pothawa ma Viking, ankhondo obwera pa ngalawa, n'kukhala oyendayenda zaka zingapo, kenako anakhala ku Chester-le-Street zaka zoposa 100, mpaka mu 995 anaima pa phiri lozunguliridwa ndi mtsinje wa Wear.

Koma chimene chinandigwira mtima chili pa chitseko chakumpoto: chogogodera cha mkuwa, nkhope ya chilombo italuma mphete. Chimene chilipo lero n'chofanizira, chenichenicho anachisunga mkati. Kale munthu wothawa mlandu akagogoda pamenepo ankamulowetsa, kumudyetsa masiku 37, kenako asankhe kukaonekera kubwalo kapena kuchoka m'dzikolo. Mnzanga wina amene tinali naye anangoti zii, dzanja lili pa mpheteyo. Abwana ake analandidwa chilolezo cholemba ntchito alendo, ndipo iye anapatsidwa masiku 60 kuti apeze ena, apo ayi abwerere. Kwawo anagulitsa munda ndi ng'ombe ziwiri kuti alipire amene anamupezera ntchitoyo. Tsikulo anali atatsala ndi masiku 19, ndipo mapaundi 53 aja anachita kukongola kuti apiteko mphepo.

Ndiye inu amene mukuona zithunzi zathu pa Facebook titaima pa nyumba zamakedzanazi n'kumati tikudya bwino, lekani kulota masana. Musagulitse munda wa mayi anu chifukwa cha chithunzi. Munthu akakuuzani kuti "zonse ndikonza ndine, inu ingotumizani", mufunseni ndalama iliyonse ikupita kuti, ndipo alembe. Akakwiya, m'thaweni, ngakhale akhale wa mpingo wanu.

Amene muli kuno kale, pitani nokha. Kuchokera ku Newcastle sitima sitenga ngakhale mphindi 20, ndipo ukatsika ku Durham nsanja za tchalitchicho umaziona uli pa siteshoni pomwepo. Ngati mukufuna kukwera nsanja yapakati, masitepe 325, pamenepo mpolipira ndithu, koma mukalipire komweko ndi dzanja lanu.